Fulasiki ya Ayisi pa Wodi ya Ana

M'chipatala chonsecho munalibe namwino wina amene ankabwera kuntchito ndi fulasiki yopanda tiyi. Anzawo akamatsegula zawo nthawi ya teni, nthunzi ili tolotolo, ya namwino ameneyu inkangolira gobedegobede chifukwa munali ayisi. Dzina linachokera pamenepo. Wina anangoyamba mwanthabwala kuti Anafulasiki, dzina n'kumera mizu, mpaka madokotala atsopano ankayesa kuti ndi la makolo. Eni akewo sankakwiya nalo. Ankati dzina lopatsidwa ndi anthu lili ngati bedi la m'chipatala, umagona pomwe akuika.

Ntchito yawo inali imodzi, ndipo anali ataigwira zaka makumi awiri ndi zitatu: kuyang'anira ululu wa ana ochitidwa opaleshoni ya pachifuwa. Opaleshoni imeneyi si yamasewera. Dokotala amadutsa pakati pa nthiti, ndipo mwana akadzuka, mpweya uliwonse umene wakoka umakankha balalo. Mwendo wothyoka ukhoza kuugoneka pansi kuti upume, koma chifuwa sungachipatse tchuthi. N'chifukwa chake mwana akadali m'tulo kuthiyeta, dokotala wogonetsa amamulowetsa kachubu kowonda ngati ulusi kumsana, pakati pa mafupa, n'kukamata ndi pulasitala. Achipatala amakatcha epiduro, makolo amangoti kachubu ka kumsana. Kapampu kopachikidwa pambali pa bedi kamadontheza mankhwala m'kachubumo osalekeza, ndipo mankhwalawo amachititsa dzanzi chigawo chokhacho chomwe pali bala, kuyambira m'khwapa mpaka m'munsi mwa nthiti. Mwana amakhala maso, miyendo ikugwira ntchito, akupuma ndi kutsokomola osamva kuwawa.

Vuto n'lakuti kachubuko kali m'kati, sikaoneka, ndipo kamatha kusuntha mwana akamagubuduka. Apa ndi pomwe ayisi ankalowera. Khungu lochita dzanzi silimva kuzizira. Choncho Anafulasiki ankaika kachidutswa ka ayisi m'chala cha gulovu n'kumakakhudzitsa pachifuwa pa mwana, kutsika pang'onopang'ono, akufunsa ngati kukuzizira. Pomwe mwana wati ayi, ndiye kuti mankhwala afikapo. Pomwe wadzidzimuka, ndiye malire. Akatero ankajambula timizere tiwiri ndi peni pakhungupo, kena m'mwamba kena m'munsi, ndipo bala likakhala pakati pa timizereto mtima wawo unkakhala m'malo.

Ayisiyo sanali wa chipatala. Firiji ya pawodi inali ya mankhwala okhaokha, ndipo asisita aakulu akanapezamo kambale ka madzi bwenzi nkhani yake itafika kumaofesi. Ankachokera kunyumba, m'firiji yakale imene amuna awo anaitola kwa munthu wina ataitaya, n'kuiukitsa, poti ntchito yawo inali yokonza mafiriji. Bambowo anamwalira zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Anadwala m'mimba chaka chathunthu akungoti ndi mpweya, kumamwa madzi otentha, akafunsidwa n'kumati ali bwinobwino. Pomwe ankavomera kupita kukaonedwa n'kuti chotupa chitafalikira kale. Anafulasiki sanadzikhululukire. Iwo, odziwa kuwerenga ululu pankhope ya mwana wa eni, analephera kuuona pankhope imene ankadzuka nayo tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezi zinkawawawa mpaka tsiku lomwe tikunenali.

Ankakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Pakhomo panali chingwe choyanikapo mayunifolomu awiri ndi thaulo limodzi. M'nyumbamo munali mipando inayi, itatu mwa iyo inali yoikapo zinthu. Akaweruka ankathira madzi m'timbale ta ayisi, kuphika dzira, kudya choimirira pafupi ndi chitofu, n'kutsuka mbale imodzi ndi sipuni imodzi. Firiji ija ndiyo inkalankhula m'nyumbamo, kung'ung'udza kenako kugwedezeka ikamazima, ndipo nthawi zina ankaiyankha. Paja amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Iwo akaona chachilendo panjira ankachisunga m'kamwa mpaka kuchiiwala.

Mwana anali naye mmodzi, wamwamuna, wokhala mumzinda wakutali ndi mkazi ndi ana awiri. Ankaimba foni Lamlungu lililonse masana, osaphonya, ndipo foniyo inkatha madzi a tiyi asanawire. Ankafunsa kuti amayi ali bwanji, iwo ankati ali bwino. Ankafunsa ngati pali chosowa, iwo ankati palibe. Akatchula zobwera pa tchuthi, iwo ankamuletsa okha, ati ulendo ndi wautali, ana angatope, komanso iwo ntchito yawachulukira. Mnyamatayo ankavomera msanga, mwina msanga kwambiri, koma mlandu sunali wake. Zidzukulu anali asanazione zaka zinayi, ndipo kamng'onoko ankakadziwa pazithunzi za m'foni.

Kuntchito nakonso sikuti anali ndi anzawo ambiri. Namwino woyang'anira ululu sakhala wa wodi imodzi kwenikweni, amalowa ndi kutuluka, ndipo akalowa amafunsa mafunso osasangalatsa: ndani wachedwa kusintha botolo la mankhwala, ndani sanalembe kugunda kwa mtima. Ana ankawakonda masiku atatu, poti kachubuko kamakhala masiku atatu. Kakachotsedwa, ubale unkathera pompo. Zaka zonsezo ana ankatuluka pageti atagwira zala za amayi awo, ndipo akakumana nawo kumsika patapita chaka ankabisala kuseri kwa siketi, osawadziwa. Anafulasiki ankati ndi mmene ziyenera kukhalira, mwana woiwala chipatala ndiye kuti wachira, koma kunena zoona zinkawakhudza.

Mtsikana wa nkhani ino anabwera ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chibayo chinamusiyira mafinya kuzungulira phapo la kumanja, mafinyawo n'kuuma kukhala chikhungwa, phapo n'kumalephera kufutukuka. Panalibe njira ina koma kutsegula ndi kusenda chikhungwacho. Pawodi anamutcha Kamaso, chifukwa thupi linali litatha koma maso anatsala aakulu, ndipo sankaphonya kanthu. Ankadziwa namwino amene amabaya bwino, amene amadya mabisiketi mobisa, ndi dokotala amene amavala masokosi osiyana. Mayi wake anali telala. Anasiya makina ake kunyumba n'kubwera ndi jumbo ya zovala za anthu zopinda m'munsi ndi singano ya pamanja, tepi yoyezera ili m'khosi ngati mkanda. Bambo wa mwanayo sankatchulidwa, ndipo palibe anafunsa.

Opaleshoni inachitika Lachiwiri m'mawa. Masana Kamaso anabwezedwa pawodi ali ndi payipi yotulutsa madzi pachifuwa, dripi padzanja, kachubu kumsana, maso ali tsinzi. Anafulasiki anaima kumiyendo kwa bedi n'kumufotokozera mayiyo zonse, monga ankachitira ndi kholo lililonse, mosapsatira mawu. Anati kachubuka kakagwira bwino, mwana akhala pompano ndipo inu muzigona pambali pake. Kakasuntha, kukabwezera n'kovuta chifukwa mwana amayenera kugonetsedwanso, ndiye amapatsidwa mofini wa m'dripi, mankhwala amphamvu oletsa ululu. Koma mofini amachedwetsa kupuma, choncho mwana amapita kuchipinda cha magalasi, kuja kuli makina oyang'anira, kumene makolo amalowa kawiri kokha patsiku, theka la ola. Mayiyo anagwedeza mutu. Onse awiri anayesa kuti mwana ali m'tulo, kuiwala kuti khutu lilibe chivindikiro.

Lachitatu m'mawa zonse zinali bwino, ndipo zinali bwinodi. Ayisi paphewa, Kamaso anadzidzimuka n'kuseka. Ayisi pafupi ndi bala, anati ayi. Kutsika pang'ono, ayi. Pamchombo, anadzidzimukanso. Anafulasiki anajambula timizere tawo, ndipo pa "ayi" aliyense ankati wachita bwino, mwana wanzeru, monga ankanenera kwa ana onse zaka makumi awiri ndi zitatu. Anamupatsa botolo la madzi ndi kapaipi komwera kuti aziuzira thovu, mapapo azitseguka. Kamaso anauzira mpaka madzi kutayikira pabulangete. Mayi wake anaseka koyamba chibwerere.

Lachinayi m'mawa mayankho anali omwewo. Paphewa kuzizira, pabala ayi, m'munsi ayi, pamchombo kuzizira. Atamuonetsa khadi la nkhope, lija lili ndi nkhope yoseka kuno n'kumapita mpaka yolira uko, analoza yosekayo. Koma anali atagona chagada, phee, osatembenuka. Thovu m'botolo linali lowerengeka. Mtima unkathamanga ndipo thupi linali lofunda. Anafulasiki anaziona zonsezi, sikuti sanazione, koma anati ndi kutentha thupi kwa tsiku lachiwiri, zimachitika. Ayisi anali asanawanamizepo. Anadutsitsa peni pa timizere tadzulo kuti tioneke bwino, anati wachita bwino, n'kupita kwa mwana wina.

Cha m'ma leveni dokotala wa opaleshoni anadutsa ndi gulu lake, anamvetsera pachifuwa, nkhope n'kugwa. Anati kumunsi kwa phapo sikukulowa mpweya, mwana sakutsokomola, makhololo akudzadza. Zikapitirira chonchi chibayo chibwerera, ndipo ntchito yonse ya Lachiwiri ikhala yopanda pake. Anafunsa ngati mwana akumva kuwawa. Anamuonetsa pepala lolembedwa ndi dzanja la Anafulasiki, iye n'kukweza mapewa. Madokotala akaona dzanja limene amalikhulupirira safunsanso kawiri. Anangolamula kuti mwana alimbikitsidwe kutsokomola, ngati kuti chifuwa amatsokomola ndi chilimbikitso.

Nthawi ya chakudya Anafulasiki anakhala okha m'kachipinda ka anamwino, buledi ali m'manja, osamuluma. Chinachake chinkawakanda mumtima. Anayala pepala la Kamaso patebulo n'kuyang'ana Lachitatu ndi Lachinayi. Malire anali amodzimodzi ndendende. Pa ana onse amene anawayeza, malire ankasuntha, kaya ndi chala chimodzi, kaya ziwiri, chifukwa mankhwala si penti. Kenako anakumbukira maso aja. Ana onse ukawakhudza ndi ayisi amayang'ana iwe, kapena amayi awo, kapena denga. Kamaso m'mawa uja ankaweramitsa chibwano n'kumayang'ana pachifuwa pake, pa timizere. Ayisi akagwa m'kati mwa timizere ankati ayi, akagwa kunja ankadzidzimuka. Mwanayo sankayankha zimene akumva, ankawerenga mayankho amene aphunzitsi anamulembera okha pathupi.

Buledi anatsala patebulo. M'fulasiki munali madzi okhaokha ndi kachidutswa kamodzi kotsala, kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Anakavuula ndi sipuni, kukaika m'gulovu, n'kupita pawodi. Anatuma mayi uja kukatenga madzi ofunda kukhitchini, yomwe inali kutali ndithu. Kenako ananyowetsa thonje ndi sipiriti n'kufufuta timizere tonse tiwiri. Kamaso anayang'ana thonjelo, anayang'ana nkhope yawo.

Anamuuza kuti lero masewera asintha. Ayang'ane pawindo, awerenge mbalame zili pawaya wa magetsi, asayang'ane pansi. Anamukhudza pafupi ndi bala. Khungu lonse linachita tsemwe, nthiti n'kukokana, koma pakamwa panatuluka ayi. Anatsika pang'ono, ayi. Kenako ananyamula kadzanja kopanda dripi n'kuika ayisi pamsana pa dzanjalo, pomwe mankhwala a kumsana sangafike ngakhale atathira chidebe. Mwanayo anazengereza, maso ali pawaya.

"Ayi," anatero.

Anafulasiki anakhala pansi, pampando wa mayi wake. Patapita kanthawi anamutembenuza pang'onopang'ono, mwana akuluma mlomo, n'kupeza pulasitala ya kumsana yanyowa, timadontho takuda ta pakachubu tomwe timayenera kukhala m'kati tili panja. Kachubu kanali katatuluka, mwina kuyambira dzulo madzulo, ndipo kapampu kankangothirira matiresi. Pansi pa bulangete dzanja lina la mwanayo linali litafumbata tepi ya amayi ake mpaka zala kuyera.

"Chikuwawa kuyambira liti, mwanangu?"

Kamaso analankhula motsitsa, mawu awiriawiri, chifukwa mpweya sunkamukwanira. "Musawauze amayi. Ndipirira. Ndikupirira kale."

"Ndaona kuti ukupirira."

"Mukanena anditengera kumagalasi. Ndinamva. Kuja amayi salowa."

Apa panali pofunika bodza laling'ono, ndipo anamwino ambiri akanalinena ndi mtima woyera: ayi, supita kulikonse. Anafulasiki bodzalo linafika pakhosi n'kubwerera. Mwana ameneyu anali atanamiza chipatala chonse tsiku lathunthu ndi bala laliwisi, ndipo kumunamiza kukanakhala kumunyoza. Anamuuza kuti apita ndithu. Anamuuza kuti phapo lake likufuna kutsokomola, ndipo silingatsokomole iye akulimanga chonchi. Anati amayi ake azilowa kawiri, ndipo nthawi yotsalayo akhala pabenchi kunja kwa chitseko. Anawonjezera chimene sananenepo kwa mwana aliyense, kuti wolakwa ndi iwo, chifukwa anamuphunzitsa kuti ayi ndiye yankho la ana anzeru.

Kamaso analira, ndipo kulirako kunkamupweteka, moti ankalira modukizadukiza, pakamwa pali yasa koma mawu osatuluka. Mayi wake anafika ndi jagi ya madzi n'kupeza zili choncho. Atamva nkhani yonse anayamba kudzitukwana yekha, ati usiku wonse ankamuyamikira mwanayo kuti wagona mwaulemu, osavutitsa anthu. Anafulasiki anamugwira paphewa n'kumuuza kuti asiye, mlandu umenewo uli ndi mwini wake. Dokotala wogonetsa anabwera, anayang'ana kumsana, anachotsa kachubu kotsalako, n'kulemba mofini. Isanakwane fili koloko bedi linali likugudubuzika m'khonde, mayi akutsatira m'mbuyo ndi jumbo ya zovala za anthu, mpaka pachitseko pomwe anamuuza kuti athere pompo.

Chipinda cha magalasi chinali ndi mabedi anayi, makina olira tii tii, ndi fungo la mankhwala otsukira. Lamulo loletsa makolo linali lakale kuposa anamwino onse a mmenemo, ndipo palibe ankadziwa amene analiika, koma onse ankaliteteza ngati cholowa. Anafulasiki sanathe kulithyola. Chimene anatha ndi kukangana ndi asisita a mmenemo mpaka bedi la Kamaso linatembenuzidwa kuyang'ana kuchitseko, pomwe panali kawindo kakang'ono. Benchi anaikokera okha moyang'anizana ndi kawindoko. Mayi akaimirira, mwana ankaona nkhope. Akakhala pansi n'kumasoka, ankaona nsonga ya mpango wa kumutu, ndipo imeneyo inali yokwanira.

Tepi anailowetsa m'thumba la yunifolomu, ataipukuta ndi sipiriti, n'kukaiika m'dzanja la mwanayo. Kamaso anailandira koma anatembenuzira nkhope kukhoma. Lachisanu sanawalankhule. Anabwera nthawi ya chakudya, anakhala pambali pa bedi ola lathunthu, mwana osawayang'ana n'komwe. Anamwino a mmenemo ankaseka kuti Anafulasiki apeza apongozi. Iwo anaseka nawo, koma kunja kwa chitseko anaima kaye kuyang'ana pansi. Ana ambiri anawaiwala, koma panalibe amene anawada, ndipo kudedwa ndi mwana ameneyu kunawapweteka kuposa mmene ankayembekezera.

Komabe mofini anagwira ntchito yake. Lachisanu lomwelo madzulo Kamaso anatsokomola, n'kutulutsa makhololo onyansa obiriwira amene dokotala anawayang'ana m'kambale ngati wapatsidwa mphatso. Loweruka linali tsiku lopuma la Anafulasiki. Anachapa mayunifolomu, anasesa, anayang'ana mipando yawo inayi, n'kuvala nsapato kupita kuchipatala ndi zovala za kunyumba. Anakhala pambali pa bedi kuyambira m'mawa, atagwira botolo la thovu. Cha kumasana mwanayo, osatembenuka, anafunsa khoma ngati anthu ena alibe kwawo. Iwo anayankha kuti kwawo kuliko koma kulibe wowadikira. Kamaso anatembenuka n'kutsegula pakamwa kuti amuikire kapaipi.

Lolemba anabwerera pawodi, kutentha thupi kutatsika, payipi ya pachifuwa itachotsedwa. Kuyambira sabata imeneyo Anafulasiki anasiya kujambula pakhungu la ana. Timizere ankatijambula papepala, pa chithunzi cha thupi, pepala litatembenuzidwa. Anasiyanso kunena kuti wachita bwino. Mwana akati ayi ankati chabwino, akati kukuzizira ankati chabwino, ndi mawu amodzimodzi, ndipo nkhani ya chipinda cha magalasi ankakaifotokozera pakhonde. Anzawo ankati Anafulasiki ayamba kuuma mtima ndi ukalamba. Iwo sanadzitchinjirize.

Tsiku lotuluka linali Lachisanu la sabata yotsatira. Mayi anali atamanga kale katundu, akuthokoza aliyense wovala zoyera mpaka wokolopa. Kamaso anali atakhala pamphepete pa bedi, miyendo ikulendewera, atavala diresi limene amayi ake analisoka pabenchi paja. Ataona Anafulasiki akudutsa anawakodola n'kupempha fulasiki. Anavuula yekha kachidutswa, osafuna gulovu, n'kuwalamula kuti akhale pansi.

"Yang'anani pawindo. Osaonera."

Anayang'ana pawindo. Pawaya panali mbalame ziwiri. Kadzanja konyowa kanawaika ayisi pansi pa khosi, pomwe yunifolomu imatsegukira.

"Kukuzizira?"

Pakamwa pawo panali patakonzeka kale kunena ayi, mwamasewera, kuti mwana aseke. Koma anamva maso aja ali pa iwo, ndipo mwanayo sankaseka.

"Kukuzizira," anatero.

"Ndiye kuti mankhwala anu sakugwira." Anaganiza pang'ono, madzi akudontha m'chigongono. "Nanga inuyo amakuyezani ndani?"

Anafulasiki anaseka n'kunena kuti akuluakulu sayezedwa, amanena okha, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kamaso anati zimenezo n'zabodza, akuluakulu sanena. Atatero anaponya ayisi m'kamwa, amayi ake n'kumukalipira, nkhani n'kuthera pomwepo. Anatuluka atagwira chala cha amayi ake, akuyenda mopendekera pang'ono kumbali ya bala. Anafulasiki anaima pakhonde mpaka awiriwo anakhota pageti. Mwanayo sanacheuke, ankalozera amayi ake galu amene anagona pansi pa galimoto.

Lamlungu masana Anafulasiki anali akuthira madzi m'timbale ta ayisi pomwe foni inalira. Anaiyankha choimirira monga mwa masiku onse, dzanja lina lili pachitseko cha firiji. Kumbali inayo kunkamveka wailesi ya kanema, mbale zikugundana, ndi ana awiri akulimbirana kanthu.

"Muli bwanji, amayi?"

Yankho linali pamlomo, lakale, losalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Bambo ake a mnyamatayu analinena chaka chathunthu. Iwo anali atalinena zaka zisanu ndi zinayi. Anayang'ana mipando itatu ija, wina uli ndi mulu wa nyuzipepala, wina beseni, wina bokosi la zipangizo za malemu.

"Sindili bwino kwenikweni, mwanawe," anatero. "Sindikudwala, usaope. Koma m'nyumba muno mwachuluka zii. Ndakusowani."

Kunali chete kwa nthawi yaitali, moti anachotsa foni kukhutu kuti aone ngati yaduka. Anachita manyazi, manyazi enieni a munthu wamkulu amene wapempha, ndipo anatsala pang'ono kuseka n'kunena kuti amangocheza. Kenako anamva mwana wawo akuuza wina kuti atsitse wailesiyo, chitseko chikutsekedwa, phokoso la ana likupita kutali.

"Ndakhala pansi, amayi. Nenani."

Anafulasiki anatseka firiji, anachotsa nyuzipepala pampando wapafupi n'kuziika pansi, nawonso n'kukhala.